Galimoto Yofiira Inatuluka Mwakachetechete

Ndinatsika basi Lachiwiri m'mawa, khosi litauma, chikwama paphewa. Kwathu dzina langa ndi lomwelo, Chikwama. Ntchito yanga ndi kuyeza mtengo wa magalimoto. Amabanki amandituma, a inshuwaransi amandituma. Ndimafika m'tauni, ndimazungulira galimoto, ndimalemba nambala, ndimadinda chidindo, ndimakwera basi ina. Sindigona pabedi limodzi kupitirira masiku atatu. Zimandikomera choncho.

Ulendo uno anandiitana ndi achemwali anga. Pafoni sanachulutse mawu.

"Galimoto ya alamu ako yabedwa. Mlonda wathu ali m'chitokosi. Bwera."

Galimotoyo ndinkaidziwa. Yofiira, ya mipando iwiri, yolekeza m'chiuno, injini kumbuyo. Mtengo wake ungagule nyumba ziwiri zabwino, ndi mpanda womwe. Mtengowo ndinalemba ndine, miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, alamu anga asanalipire. Alamuwo ndi dokotala wa mano. Kwa mkazi wawo anati si galimoto yoyendera, ndi chuma chosunga. Ati zoterezi mtengo wake umakwera chaka ndi chaka.

Pachipata ndinapeza wapolisi wamkazi atanyonyomala, maso pansi. Wamfupi, nsapato zakutha zidendene.

"Ndinu bambo a mitengo aja?" anafunsa osadzuka. "Ndine Sajeni. Fayilo yandipeza m'mawa uno. Papepala la mlandu pakufunika mtengo wa katundu wobedwa, ndiye mwandifupikitsira ulendo."

"Mlonda wavomera?"

"Savomera, sakana. Mawa 8 koloko akaonekera kukhoti. Katundu wa mtengo umenewu, za belo iwalani. Apita ku rimandi. Pa msinkhu wake uja, sindikudziwa ngati angatulukeko ndi miyendo yake."

Mlondayo wagwira ntchito panyumbapo zaka khumi ndi zinayi. Mkulu wa imvi, wosachedwa kuvula chipewa. Ine amanditcha bwana wamng'ono, ngakhale ndilibe ndi njinga yomwe.

A Sajeni ankayang'ana chitunda cha simenti chomwe chili pachipatapo, choletsa madzi a mvula kulowa m'bwalo. Galimoto wamba imangodumpha. Yofiirayo ikanakhula mimba. Potuluka ankaiyalira matabwa awiri, mlonda n'kumalondolera ndi manja. Ndinasuzumira kuseri kwa kanyumba ka mlonda. Matabwa anali pomwepo. Oimikidwa bwino, omangidwa ndi chingwe.

"Mbava yaulemu," ndinatero. "Yaba, yabweza matabwa, yamanganso."

"Kapena mbava yozolowera kuwamanga," anatero a Sajeni.

*

Achemwali anali pabalaza, maso ali psuu. Osati ndi kulira. Ndi ukali.

"Lamlungu ndinapita kuchipatala kukaona mnzanga wa kuntchito," anatero. "Ndimayenera kubwera madzulo. Ndinapeza atamutulutsa kale, ndiye 12 koloko ndinali pano. Galaja yotsegula, mulibe kanthu. Ndifunsa mlonda, akungoti eee, eee, maso pansi. Foni ya amuna anga yozima. Ndikanatani? Ndinaimbira apolisi."

"A Dokotala anali kuti?" anafunsa a Sajeni.

"Akuti kuntchito, wodwala wamwadzidzidzi. Anafika apolisi atamukweza kale mlonda, anthu atadzaza pageti. Wapolisi anawafunsa kuti, bwana, galimoto yanu yabedwa? Anayang'ana anthu aja. Anati inde."

"Kenako?"

"Kenako anandikalipira kuchipinda. Ati bwanji ndaitana dziko lonse. Ati anthu ngati ife sitilira pamsewu. Ine ndati, chabwino, tikabedwa tiziombera m'manja?"

"Makiyi ali kuti, achemwali?" ndinafunsa.

"Wina amayenda naye. Winayo ali m'dirowa kuchipinda, pamodzi ndi mapepala."

"Kaonenitu."

Anapita mwachangu. Anabwerera pang'onopang'ono.

"Mulibe. Kiyi mulibe. Buku la sevisi mulibenso."

"Dirowa yathyoledwa?"

"Yokhoma bwinobwino."

"Mlonda amalowa m'nyumba?"

"Sanapitirirepo pakhomo la kukhitchini."

A Sajeni ananditembenukira. "Bukulo ndi lofunika?"

"Mbava yofuna zitsulo silitenga," ndinatero. "Limatengedwa ndi munthu wofuna kugulitsa poyera. Galimoto yotere anthu sagula chitsulo. Amagula mbiri. Yayenda makilomita angati, anaigwira ndani, inagundapo kapena ayi. Popanda buku, chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo."

Ndinatuluka pakhonde, ndinaimbira mnzanga wa ku inshuwaransi. Anafufuza pakompyuta. Palibe. Masiku awiri apita, alamu sanakanene kalikonse. Ndawaona anthu obedwa magalimoto m'matauni ambiri. Amaimbira a inshuwaransi asanavale ndi nsapato zomwe.

*

Nyumba yoyandikana nayo ndi ya mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito. Tinawapeza akuthirira maluwa. Anatiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwabwera Lachiwiri kudzafunsa za Lamlungu. M'kalasi mwanga mukanagwada panja."

"Pepani, aphunzitsi," anatero a Sajeni. "Munaona chiyani?"

"Lole. Yafulati, yokhala ndi tenti. Inaima apo 10 koloko itangodutsa. Zambiri sindinaone, mpanda umanditchinga."

"Injini ya galimoto yofiira munaimva?"

"Ayi. Ndipo chinthu chimene chija sichilira mobisa. Chikayamba, makapu anga amavina m'kabati. Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikumwa mankhwala a mutu."

"Munawadandaulirapo eni ake?"

"A Dokotala? Amene anandikonza mano awa?" Anationetsa mano, oyera, olingana. "Ndinkawauza kuti imalira mokoma. Munthu ungatani, ndi aneba. Koma masabata atatu apitawa, zii. Ndanenepa."

A Sajeni anatsegula fayilo. "Apa a Dokotala akuti anayenda nayo Loweruka."

"Ndiye kuti anaisenza pamutu."

"China chimene munamva Lamlungu?"

"Mawu. Pang'onopang'ono. Kumanzere. Basi, basi, wongolani. Monga mwa masiku onse."

"Mawu a ndani?"

Aphunzitsi anatula chitini chothirira.

"Zimenezi musalembe."

"Cholembera chayamba kale, amayi."

Anayang'ana maluwa awo.

"A mlonda," anatero.

*

Kupolisi anatitulutsira mlonda m'kachipinda kopanda zenera. Atandiona anafuna kuvula chipewa. Pamutu panalibe chipewa. Dzanja linangotsika lokha.

"Bwana wamng'ono. Mwayenda bwino? Msewu unali bwanji?"

"Ndayenda bwino, madala. Lamlungu munali kuti?"

"Kuseri. Ndimachapa yunifolomu."

"Lole simunaione?"

"Madzi amasokosera pampopi."

"Aphunzitsi anamva mawu anu," anatero a Sajeni. "Mukulondolera galimoto pamatabwa."

Mkuluyo anayang'ana zala zake.

"Bambo, mvetsani," anapitiriza a Sajeni, mawu atatsitsa. "Ndi umboni umenewu, mawa simugona kuno. Mukagona kundende. Mukuteteza ndani?"

"Bwana abwera."

"Abwerako chikutsekereni?"

"Ndi otanganidwa. Mano a anthu sadikira."

"Akutumizirani chakudya?"

"Adona atumiza."

"Ndafunsa za abwana."

"Bwana akudziwa kuti ndili kuno," anatero. Tinayesa uku, tinayesa uko. Anangofunsa ngati wina wakumbukira kuwapatsa madzi agalu.

*

Galimoto yomwe yakhala chete masabata atatu ndi yakufa. Yakufa imafuna makaniko. M'tauni imeneyi wogwira injini zotere ndi mmodzi yekha. Amamutcha Sipanala. Tinamupeza pansi pa galimoto ina, miyendo yokha ikuoneka.

"Yofiira ija?" mawu anachokera pansipo. "Aaa, bigi, ija si galimoto. Ndi magalimoto awiri."

Anatuluka chagada, akupukuta manja pa ovolosi. Ataona yunifolomu ya a Sajeni anadzidzimuka, koma pakamwa panali patayamba kale.

"Adokotala anandiitanira kunyumba masana, madamu kulibe. Ati yakana kulira. Ndatsata mawaya, ndapeza olumikiza ndi tepi pansi pa mpando. Ndati ii. Ndasenda kapeti. Mzere wowotcherera, kuchokera chitseko ichi mpaka icho. Kutsogolo ndi galimoto ina, kumbuyo ina. Zonse zinachita ngozi kunja uko, wina n'kuzikwatitsa. Mutaithamangitsa zenizeni, mutu ungafike kunyumba, matako n'kutsala pamsewu."

"Mtengo wake weniweni ungakhale wotani?" a Sajeni anandifunsa.

"Wa zitsulo. Mwina wa minibasi yotopa."

"Ndipo si koyamba kuiona," anatero Sipanala. "Chaka chatha inali yoyera, ya loya wina. Isanakhale yoyera inali yachikasu, ya mkulu wina wa mahotela. Ndimaizindikira ndi mzere womwewo. Onse anaigula kwa Tayi."

Tayi ndi wogulitsa magalimoto odula. Dzuwa liswe mtengo, iye tayi ali pakhosi.

"Akaizindikira amatani?" anafunsa a Sajeni.

"Amathamangira kwa iye yemweyo. Osati kukakalipa, ayi. Kukamupatsa moni. Iye amati pepani bwana, zimachitika, bweretsani ndikuthandizeni mwakachetechete. Amawabwezera kachidutswa ka ndalama zawo. Amaipenta. Amadikira wina."

"Palibe amene anabwera kupolisi?"

"Bwana wamkulu akaime pakauntala, anene kuti ndapusitsidwa? Anzake a kukalabu amve? Bola nyumba ipite, mayi."

"Nanga iwe, bwanji sunanene?"

"Makasitomala anga ndi omwewo. Ndidya masipanala?" Anaseka yekha. Kenako nkhope inasintha. "Koma amene ndikumufuna ine ndi mbuzi yomwe inasaina lipoti la mtengo. Adokotala anandionetsa. Chidindo chachikulu, ati galimoto sinachitepo ngozi. Munthu wosasenda ngakhale kona ya kapeti. Inu mumayenda kwambiri, bigi. Mumamudziwa?"

"Ndimamudziwa," ndinatero.

Tsiku lomwe ndinaiyeza galimotoyo ndimalikumbuka bwino. Tayi anandilandira ndi khofi m'kapu yoyera. Alamu anali pambali, akusisita chitseko cha galimoto ngati tsaya la khanda. Ndinaona kuti kapeti ndi yomata ndi guluu watsopano. Fungo lake ndinalimva. Kachipangizo kanga koyezera penti kanali m'chikwama. Koma kuti ndigwade, ndisende kapeti, mwini malo ataima pomwepo ndi tayi wake? Zinali ngati kumutcha wakuba m'nyumba mwake. Komanso basi yanga inali pafupi kunyamuka. Ndinazungulira galimoto kamodzi. Ndinati ili bwino. Ndinathokoza chifukwa cha khofi.

*

Malo a Tayi ndi a magalasi okhaokha. Pansi powala, ungadzionerepo nkhope. Magalimoto anayi, palibe ngakhale imodzi yolembedwa mtengo. Kumeneko wofunsa mtengo amaoneka kuti wasochera.

Anatilandira ndi manja awiri.

"Yofiira ija? Ndinamva, ndinamva. Zachisoni. Dziko laipa, mayi. Galimoto ngati imene ija m'dziko muno munalibe inzake."

"Lole yanu inali kuti Lamlungu?" anafunsa a Sajeni.

"Lamlungu antchito anga amapuma. Inenso ndimapuma."

Kumapeto kwa chipindacho kunali chitseko chachitsulo. Kuseri kwake makina opalira penti ankalira. Fungo la penti linkadutsa pansi pa chitseko.

"Tingaone kuseriko?"

"Ndi chikalata cha kukhoti, bwanji osaona. Ndidzakutsegulirani ndekha."

"Tamva kuti galimoto ija inali yolumikiza."

Kumwetulira kwake sikunasunthe. Anatsegula dirowa, natulutsa buku lalikulu lachikuto chakuda.

"Buku la madandaulo. Zaka zisanu ndi zinayi. Tsegulani, mayi, musaope."

A Sajeni anatsegula. Masamba oyera. Tsamba loyamba mpaka lomaliza.

"Makasitomala anga ndi anthu olemekezeka," anatero Tayi. "Ndipo ine si katswiri. Ndimangogulitsa. Za m'kati mwa galimoto ndimakhulupirira akatswiri."

Anatulutsa pepala lina. Analiyala patebulo, nalitembenuza kuti liyang'ane kwa a Sajeni. Chidindo changa. Siginecha yanga, yopendekera, ya munthu wothamangira basi.

"Khofi, bwana?" anandifunsa.

*

M'galimoto ya polisi, titafika pa maloboti achiwiri, a Sajeni ananditembenukira.

"Mbuzi ija," anatero.

"Ndine."

Anagwedeza mutu. Sanaseke. Bola akanaseka.

"Chikalata cha kukhoti sindingachipeze popanda wodandaula," anatero. "Pofika mawa galimoto ija idzakhala yobiriwira. Sipanala sangasaine kanthu, mwamuona. Mboni yomwe ndili nayo ndi imodzi, ndipo ikuloza mlonda."

"Koma mukudziwa kuti sanabe."

"Zomwe ndikudziwa ine sizilowa m'fayilo. Mumalowa zomwe anthu anena n'kusaina. Mwini galimoto anasaina kuti yabedwa. Mpaka atanena zina, yabedwa."

Maloboti anasintha.

"Inu mutalemba zanu, chingachitike n'chiyani?" anafunsa.

"Laisensi yapita. Palibe banki ingandiitanenso."

"Basi yanu ndi ya nthawi yanji?"

"4 koloko."

"Ndiye muli ndi maola awiri. Depoti ndi kumanja uku. Kuchipatala cha mano ndi kumanzere. Ndikhote kuti?"

Tikiti inali m'thumba la malaya. Ndinkaimva pachifuwa. Moyo wanga wonse zinthu zikavuta ndimakwera basi. Tauni yotsatira sikudziwa zomwe unachita ku tauni yapita.

"Kumanzere," ndinatero. Ndinaimbira achemwali kuti atipeze komweko.

*

Pamalo odikirira panali bambo mmodzi atagwira tsaya. Alamu anatilowetsa m'chipinda chogwirira ntchito. Mpando wautali, nyale pamwamba, tizitsulo m'mbale. Anali atavala magolovesi, chophimba pakamwa chili pachibwano. Achemwali anaima pafupi ndi sinki, chikwama chawo atachikumbatira.

"Alamu, mwafika liti?" anatero. "Mwaziona zatigwerazi."

"Ndaziona."

Sindinayang'ane iwo. Ndinayang'ana achemwali.

"Achemwali, galimoto ija inali yabodza. Zidutswa ziwiri zowotcherera. Tsiku loiyeza ndinaona zizindikiro. Ndinachita manyazi kufunsa. Ndinasaina kuti ili bwino. Alamu analipira chifukwa cha pepala langa. Nyumba ziwiri zija ndinataya ndine."

Ndinapempha pepala kwa a Sajeni. Ndinalemba chiimire, patebulo la tizitsulo. Sizinatenge nthawi. Mizere isanu ndi umodzi. Ndinasaina, ulendo uno mosathamanga.

"Amayi anagulitsa makina awo osokera kuti iwe uphunzire ntchito imeneyi," anatero achemwali.



"Alamu," anatero a Dokotala motsitsa, "zinthu izi tikanakambirana pabanja."

"Mlonda ali m'banjamo?" anafunsa a Sajeni.

"Ndimakonza zimenezo. Ndalankhula ndi loya. Sabata yamawa akanatuluka. Ndikanamupatsa kenakake."

"Akanatuluka bwanji, poti anaba?" anafunsa achemwali. Mawu awo anali ozizira. "Kapena sanabe?"

A Dokotala anakhala m'mphepete mwa mpando wa odwala. Munthu wamtali. Pampandopo anaoneka wamng'ono.

"Tsiku lililonse mwamuna amakhala pano," anatero. "Ndimazula dzino, misozi ikutsikira m'khutu. Ndikafunsa kuti zikupweteka, amati ayi adokotala, pitirizani. Inenso ndinakula choncho. Makaniko atandionetsa mzere uja, ndinapita kwa Tayi mawu nditakonza. Ndinayeserera njira yonse. Nditalowa anandigwira dzanja ndi manja awiri. Anafunsa za ana, mayina awo akuwadziwa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti mwina ndine ndinaiyendetsa molakwika."

"Anakubwezerani zingati?" anafunsa a Sajeni.

"Gawo limodzi mwa magawo asanu." Anayang'ana pansi. "Ndinamuthokoza."

"Lamlungu?"

"Anatumiza lole. Ine ndinagwira chiwongolero, amuna a lole anakankha, mlonda analondolera. Ndinamuuza kuti adona asadziwe. Ndimafuna ndidzanene kuti yapita kunja kukakonzedwa, kenako iiwalike. Ndinatsatira lole kukapereka makiyi ndi buku. Pobwera ndinapeza anthu pageti." Anayang'ana mkazi wawo koyamba. "Amake mwana, anthu onse aja anajambulitsapo zithunzi pagalimoto ija. Ena ndinawakweza. Ndinkawauza mtengo asanafunse. Ndikanati chiyani pamaso pawo?"

"Mukanati mwapusitsidwa," anatero achemwali. "Ndi mawu amodzi."

"Ndinayesa."

"Ndalama zipite. Zimenezo tidzakangana kunyumba, ndipo tidzakangana ndithu. Koma mkulu uja wagona pasimenti masiku awiri kuti inu musachite manyazi pageti. Vulani magolovesi."

Anavula. Limodzi linagwa pansi. Palibe analitola.

"Mudziwiretu, bwana," anatero a Sajeni. "Kunena kupolisi za kuba komwe kulibe ndi mlandu."

"Ndikudziwa."

"Nanga za Tayi? Ndikufuna wodandaula. Dzina lanu lidzamveka kukhoti, mtengo womwe munalipira udzamveka, ndi womwe anakubwezerani. Anzanu adzawerenga."

Panja, bambo wa tsaya uja anabuula pang'ono, kenako anapepesa kwa nesi.

A Dokotala anayang'ana pepala langa lili patebulo.

"Ndibwerekeni cholembera, alamu," anatero.

*

Zolembalemba zinatha 5 koloko itayandikira. Apolisi awiri anali atanyamuka kale kupita kukhoti kukapempha chikalata chotsegulira chitseko chachitsulo chija. Ife tinadikira mu ofesi ya a Sajeni. Ine, achemwali, a Dokotala. Palibe ankayang'ana mnzake.

Anamubweretsa mlonda. Wapolisi wa pakauntala anakhuthula envelopu patebulo. Lamba, zingwe za nsapato, kafoni kosweka galasi. Mkuluyo anavala lamba. Anawerama, nayamba kulowetsa zingwe, bowo limodzilimodzi.

"Madala," anatero a Dokotala. "Madala, pepani. Ndakulakwirani. Tiyeni kunyumba, tikakambirane bwinobwino."

"Zikomo, bwana," anatero mlonda, osadzutsa mutu.

A Sajeni anasendeza fomu.

"Bambo, musanapite ndiyenera kukufunsani. Muli ndi dandaulo lililonse?"

Anafunsa mwa mwambo chabe. Cholembera chinali kale pamzere wolemba kuti palibe. Achemwali anali atatulutsa makiyi a galimoto yawo.

Mlonda anamaliza kumanga nsapato yachiwiri. Anawongoka pang'onopang'ono, dzanja pamsana.

"Lamlungu ndinati bwana abwera madzulo," anatero. "Lolemba ndinati ali ndi odwala. Lero masana, pamene ndimakuuzani kuti abwera, ndinali nditasiya kale kukhulupirira. Ndimangochita manyazi kuti mungandione kuti ndine wopusa."

A Sajeni anachotsa cholembera pamzere uja.

"Dandaulo lilipo, mayi. Koma ine kulemba ndimachedwa. Mundilembere."

Anakoka mpando, nakhala. Sindinamuonepo atakhala pansi abwana ake ataimirira.

"Tiyambire Lamlungu?" anafunsa a Sajeni.

"Ayi. Tiyambire chaka chimene ndinayamba ntchito."

A Sajeni anaika fomu pambali, natenga pepala lalitali. Mpando wa alendo unali umodzi wokha. Ife atatu tinamvetsera chiimire.